Gadiyani Sachonga Asanaone

Ine ku yunivesite sindinaphunzireko. Ndinalekezera Fomu 4, satifiketi yake yongokwanira kundilowetsa ukalaliki wolemba katundu wotuluka pa fakitale ina ku Makata, ndipo mpaka lero sindichita nazo manyazi. Koma panali miyezi ina, zaka zingapo titalowa m'matipate, imene ndinkafika pakoleji m'mawa uliwonse, kuposa ana ena amene makolo awo ankaganiza kuti ali m'kalasi. Alonda a pageti anafika pondizolowera. Mmodzi ankaganiza kuti ndimagwira ntchito kukhitchini.

Amene ankaphunzira kumeneko anali mng'ono wanga, mzime wa amayi. Tinasiyana zaka khumi ndi zinayi. Bambo atamwalira ndinakamutenga ku Phalombe ali Sitandade 5, nkudzakulira m'nyumba mwanga ku Ndirande, ndiye ndinali mkulu wake inde, komanso ndinali bambo wake, ndipo pomukalipira sindinkasankha kuti lero ndikukalipa ngati ndani. Mutu anali nawo mnyamata ameneyo. Pa mtundu wathu wonse, kuyambira agogo amene anawoloka malire kuchokera ku Mozambiki, panalibe amene anapondako pa yunivesite. Iyeyu anali m'chaka chomaliza cha uinjiniya, ndipo ine ku Ndirande ndinkayenda ngati digiriyo ndikulemba ndine.

Zinayamba ndi kutsokomola. Ana a pakoleji anali ndi kachipatala kawokawo mkati mwa mpanda, ka zipinda ziwiri ndi nesi mmodzi. Anapitako kawiri, nkumupatsa mankhwala a chifuwa a m'botolo. Ulendo wachitatu nesiyo anamuyang'anitsitsa, nkumulembera kalata yoti akapimitse makhololo ku chipatala chachikulu. Kalatayo mnyamata anaipinda bwinobwino, nkuika m'buku la masamu, nkukhala nayo masabata atatu osauza munthu.

Anamugwira ndi mkazi wanga, tsiku lina Lamlungu atabwera kudzadya kunyumba.

"Alamu, taimani kaye. Lamba ameneyu si uja tinakugulirani pa Khirisimasi?"

"Ndi yemweyo, alamu."

"Nanga mabowo awiriwa, oboola ndi msomaliwa, achokera kuti?"

Iye anaseka, nkunena kuti kukafu, kumene ana a koleji amadyera, akuphika nyemba zokhazokha. Kusekako kunathera m'chifuwa. Anatsokomola mpaka kugwira khoma, maso tuzu, thukuta kamukamu pachipumi. Mkazi wanga sanafunsenso zambiri, anangokhala naye pakhonde nkumayankhula naye pang'onopang'ono mpaka za kalata ija zinatuluka. Ine ndi zapang'onopang'ono sitigwirizana. Nditamva za masabata atatuwo ndinakalipa mpaka ana a kwa aneba anasiya mpira wawo nkubwera kudzasuzumira pa mpanda.

Anadikira kuti nditope, kenako anati, "Achimwene, mukudziwa zimene amachita akakupeza ndi TB? Amakugoneka m'wodi miyezi iwiri, jakisoni tsiku ndi tsiku. Miyezi iwiri! Ndikamatuluka mayeso atadutsa. Chaka chonse chagwa m'madzi, ndipo malo anga andisungire ndani? Komanso mukudziwa zimene anthu anene."

Ndinkadziwa. Masiku amenewo munthu akangoonda nkumatsokomola, anthu sankadikira dokotala. Ankangogwedeza mutu nkumati, ndi zomwezi. Okhoma mabokosi a maliro anali atachuluka m'mbali mwa msewu wa ku Ndirande kuposa okhoma mipando. Ndinkadziwa zonsezo, koma chimene chinatuluka m'kamwa mwanga nchakuti, "Ndiye wasankha kufa ndi digiri? Tidzakuikire m'bokosi momwemo, pachifuwa?"

Lolemba ndinapempha tsiku kuntchito, nkumutenga ngati mbuzi yopita kumsika. Pamzere wa kuchipatala ndinayambana ndi bambo wina wa tayi amene anafuna kutidutsa ponena kuti akuchedwa ku ofesi. Ndinamufunsa ngati enafe tinabwera kudzaothera dzuwa. Mawu anachuluka, anthu nkumaseka, mng'ono wanga atabisa nkhope m'manja. Tinasiya makhololo m'timabotolo, ndipo titabwerera Lachinayi zinapezeka kuti ndi TB, chifuwa chachikulu chenichenicho.

Anatitumiza ku kaofesi ka TB kuseri kwa mawodi. M'menemo munali nesi wachikulire, wamfupi, wa magalasi omangirira chingwe m'khosi. Asanayang'ane pepala anayang'ana ine.

"Inu si aja mumalalata pamzere Lolemba?"

"Ndine, anesi, koma munthu uja ndi amene..."

"Sindinafunse za munthu uja. Khalani pansi."

Ndinakhala pansi. Sindikumbuka munthu wina amene anandikhazikapo pansi mwachangu chotero.

Mng'ono wanga anayamba kufotokoza za mayeso. Nesiyo anamumvetsera mpaka kumapeto, kenako anati za miyezi iwiri m'wodi zinali zoona kale, koma tsopano ayamba kuyesa njira ina. Agona masabata awiri okha. Akatero sangapatsirenso anzake, ndiye akhoza kutuluka nkumakamwera mankhwala kunja, bola pakhale munthu womuonerera akumeza m'mawa uliwonse mpaka miyezi iwiri ikwane.

"Munthu ameneyo timati gadiyani. Mankhwala amasunga iyeyo, khadi amasunga iyeyo. Wodwala akameza, gadiyani amachonga kabokosi ka tsikulo. Kwa inu sizovuta, nesi wa kukoleji kwanu akhoza kuchita zimenezo."

"Ayi, anesi, chonde," anatero mng'ono wanga. "Kachipatala kaja kayang'anana ndi khomo la kafu. Munthu ukalowamo masiku atatu otsatizana, pofika lachinayi koleji yonse yakupima kale."

Kukhala kwathu ku Ndirande sikukanathekanso. Nyumba inali ya zipinda ziwiri, ana anayi, magetsi kunalibe, ndipo iye ankafunika tebulo lojambulira ndi laibulale. Ndiye panatsala ine, woti ndizimutsatira kuhositelo.

Nesi uja anandiyang'ana pamwamba pa magalasi nthawi yaitali. "Mwina mkwiyo wanuwo ugwirako ntchito," anatero. "Koma lamulo ndi limodzi. Gadiyani sachonga asanaone. Osati wamva, osati wauzidwa. Waona ndi maso. Mankhwalawa munthu akamadumphitsa, matenda amabwerera atalusa, ndipo ine wodumphitsa ndimamubweza m'wodi, kaya ali ndi mayeso, kaya ali ndi ukwati. Tamvana?"

Ndinati tamvana.

Masabata awiri a m'wodi anatiyendera mwayi. Ana a koleji anachita sitalaka, zimene masiku amenewo zinkachitika ngati mvula, ndipo akuluakulu anatseka koleji nkuwathamangitsa onse. Ine amene ndinkatukwana masitalaka a ana odya zaulere, ulendo umenewu ndinayamika Mulungu. Potsegulira, mng'ono wanga anabwerera limodzi ndi anzake ngati wochokera kutchuthi.

Ndiye ntchito yanga inayambika. Ndinkadzuka kusanayere bwino, kutsika kudutsa kumsika mavenda akuyala kumene, kuwoloka mtsinje wa Nasolo, kudutsa pa mafakitale, mpaka kukoleji. Minibasi nthawi imeneyo inkakhala isanadzaze, ndipo kudikira kuti idzaze ndi kundiputa dala, choncho ndinkayenda pansi. Tinkakumana kuseri kwa hositelo, pa mpopi pafupi ndi zingwe zoyanikira zovala. Mankhwala ndinkasunga m'kachitini ka mafuta odzola kotsuka bwino. Anali mapiritsi odzaza chikhatho, ena oyera, ena ofiira akuluakulu. Ankameza ndi madzi a pampopipo, nkhope atakwinya.

"Tsegula kukamwa."

"Achimwene, ndine mwana ine?"

"Kweza lilime."

Ankakweza. Ndikatero ndinkanjuta, khadi pabondo, nkuchonga ndi chilichonse chimene chinali m'thumba, kaya bolopeni yofiira ya kuntchito, kaya pensulo ya mwana wanga. Kenako ndinkamupatsa jumbo imene mlamu wake wakonza, mbatata yootcha ndi dzira lowiritsa, zoti adye pakapita ola limodzi chifukwa mankhwalawo amafuna m'mimba mopanda kanthu. Sitinkacheza zambiri. Nthawi zina ankandifotokozera za mlatho umene ankajambula, ine nkumavomera ngati ndikumva. Koma ndinene zoona, mphindi khumi za pampopizo ndinkazikonda. Chikulireni mnyamatayu, ndinali ndisanakhalepo naye awiriwiri popanda kumukalipira kanthu.

Ankagona chipinda chimodzi ndi mnzake, amene m'chinenero cha pakoleji ankamutcha mesho. Anali mnyamata wamtali wa ku Rumphi, bambo ake ogwira ntchito m'boma okhala ku Chinyonga. Chichewa chake chinali chodekha, ngati mawu aliwonse akuyamba wawasita. Mng'ono wanga anamuuza kuti ali ndi zilonda za m'mimba, ndiye achimwene amamubweretsera chakudya chapadera. Mesho uja akandiona ankangoti, "Mwadzuka bwanji, akulu?" nkumapita.

Pofika sabata yachitatu ya maulendowa, mng'ono wanga anali atasintha. Kutsokomola kunatha, masaya anayamba kubwerera, lamba anabwerera bowo limodzi. Nthawi yomweyo kuntchito anatisinthira nthawi, kuti malole azinyamuka sikisi koloko ine nditalemba kale katundu. Mvula nayo inali itayamba. Ndinkafika pampopi paja nditanyowa mpaka m'mafupa, nkuthamanga kubwerera ku Makata, nkukapeza bwana akuyang'ana wotchi.

Tsiku lina mng'ono wanga anayang'ana nsapato zanga zimene zinali zitayasama kutsogolo.

"Achimwene, mukuvutika. Ndisiyireni mankhwala a sabata yonse, ndizimwa ndekha. Inu mudzachonge Lamlungu ndikabwera kunyumba. Ine ndimawerengera kulemera kumene mlatho ungasenze, ndilephere kuwerenga mapiritsi?"

Mawu a mlathowo ndi amene anandigwetsa. Ndine munthu wosaopa munthu, koma sukulu ndimaiopa. Munthu wophunzira akandiyankhula modekha, ndimachepa ngati mwana wa Sitandade 1. Ndinaganiza kuti, ndine yani ine wa Fomu 4 kuti ndizisuzumira m'kamwa mwa injiniya? Ndinamukulungira mapiritsi m'timapepala, tsiku lililonse kapepala kake, nkumusiyira.

Lamlungu anabwera kunyumba, wosangalala, nkudya bwino. Ndinamufunsa ngati wamwa masiku onse, anati wamwa. Ndinatenga khadi, nkukhala patebulo, nkuchonga mabokosi asanu ndi awiri ndi bolopeni yabuluu, mosamala, mpaka ndinanyadira kuti zakongola. Mkazi wanga ankapukuta mbale kumbuyo kwanga.

"Mwaona?" anafunsa.

"Mayi a ana, zisiyeni."

"Ine ndangofunsa."

Ndinamupatsa mnyamatayo timapepala tiwiri totsala, ta Lolemba ndi Lachiwiri, ndipo Lolembalo cha m'ma leveni ndinapempha kuntchito nkupita kukatenga mankhwala ena. Nesi wa magalasi uja analandira khadi, nkuliyala patebulo. Kenako analoza ndi chala mizere yoyambirira.

"Izi munachongera pabondo. Iyi pensulo, iyi bolopeni yofiira, iyi yapendekeka, apa panadonthera mvula. Nanga zisanu ndi ziwirizi, zofanana bwino ngati ana a kwaya, munachongera kuti?"

Anadziyankha yekha.

"Patebulo. Tsiku limodzi. Mutakhuta."

"Anesi, mnyamatayo ndi wophunzira, si munthu woti..."

"Ophunzira ndi amene amandivuta. Mayi wogulitsa makala ndikamuuza kuti meza, amameza. Wophunzira amayamba waganiza kaye." Anavula magalasi. "Tamverani. Piritsi lofiira lija silibisala. Munthu akalimwa m'mawa, mkodzo wake tsiku limenelo umafiira ngati madzi a mu Nasolo mvula ikagwa. Pitani mukaone nokha. Mawa mubwere nonse awiri mudzandiuze zoona. Lero mankhwala sindikupatsani."

Mmene ndinayendera kuchoka pamenepo kufika kukoleji sindikumbuka. Ndimangokumbuka kuti mlonda wa pageti anandipatsa moni ine osayankha. Inali nthawi ya nkhomaliro, ana ali piringupiringu m'makhonde a hositelo, ena atanyamula mbale. Ndinali ndisanalowepo mkati mwa hositeloyo, koma ndinafunsa chipinda nkuchipeza. Mng'ono wanga anali ataweramira pa thabwa lojambulira. Mesho wake anali chigonere pabedi akuwerenga.

"Tiye."

"Achimwene, kwagwanji?"

Ndinamugwira pamkono nkumukokera kuzimbudzi kumapeto kwa khonde.

"Kodza."

"Mwapenga kodi?"

"Ndati kodza ndione!"

Anandiyang'ana, ine ndinamuyang'ana. Amandidziwa. Anadziwa kuti tikhoza kuima m'menemo mpaka mawa. Anatembenuka nkukodza, ndipo unatuluka woyera ngati madzi a pampopi.

Zimene ndinayankhula sindingazilembe zonse. Ndinamufunsa ngati akuganiza kuti TB imaopa digiri. Ndinamuuza kuti ndang'amba nsapato, ndanyowa ndi mvula, ndanama pa khadi la boma chifukwa cha iye, ndipo iye akusewera ndi mankhwala a TB ngati mtedza. Liwu limeneli la TB ndinalibwereza mwina kakhumi. Chimene sindinaganize nchakuti zimbudzi za m'hositelo, ndi makoma ake a simenti aja, zimakweza mawu kuposa chimkuzamawu cha pamsonkhano wa chipani.

Titatuluka, khonde lonse linali lodzaza anthu, onse ali zii. Wina anali ndi supuni m'kamwa. Mng'ono wanga anawayang'ana, kenako anayang'ana ine, nkunena ndi mawu otsika, "Mwamaliza, achimwene? Kapena alipo wina ku laibulale amene sanamve?"

Mkwiyo wanga umatha msanga ngati moto wa mapepala, ndipo ukatha ndimatsala ndi phulusa m'manja. Ndinamutsatira kuchipinda ngati galu wakuba. Anatsegula kabokosi kosungira zipangizo zojambulira, nkutulutsa timapepala tanga tija, tosatsegula. Tisanu, kuphatikiza ka tsiku limenelo, osawerengera ka mawa lake. Anati mankhwalawo ankamuchititsa nseru m'mawa onse, tulo m'kalasi, ndipo mfundo za zala zinkamuwawa mpaka kulephera kugwira pensulo. Anali ndi zojambula zoti apereke. "Ndimati ndikangopereka ndiyambirenso. Ndinali bwino, achimwene. Ndimadzimva kuti ndachira."

Mesho uja anadzuka pabedi, nkuthira madzi m'kapu, nkutsegula kapepala kamodzi, nkumupatsa.

"Mesho, meza a lerowa."

Anameza. Kenako wa ku Rumphi uja anatembenukira kwa ine, ndi Chichewa chake chosita chija.

"Akulu, ine ndinadziwa kalekale. Zilonda za m'mimba sizitsokomoletsa munthu. Nthawi ya sitalaka ndinakapimitsa ndekha, ndili bwino. Chimene chimandiwawa nchakuti ndakhala ndikugona windo lotsegula, mvula ikundiwaza kumapazi, kudikira kuti munthu andiuze."

Mng'ono wanga anaphimba nkhope. Sindikudziwa ngati ankaseka kapena ankalira.

Ndisaname kuti onse anali ngati mesho ameneyo. Tsiku lomwelo kukafu anyamata awiri ananyamula mbale zawo nkusamukira tebulo lina. Panali mtsikana wina amene ankayenda naye popita ku laibulale, ndipo kuyambira pamenepo anayamba kuyenda ndi ena. Anthu ananena zimene iye ankaopa kuti adzanena. Zimenezi ndinachititsa ndine, ndi pakamwa pangapa, ndipo palibe mmene ndingazikongoletsere.

Nditafika kunyumba ndinafotokozera mkazi wanga, nkumuuzanso zimene ndinaganiza m'njira. Mayeso anali atatsala masabata atatu. Nesi uja akamva kuti masiku odumpha ndi ambiri chonchi, amubweza m'wodi, ndipo zonse zimene tavutikira zithera pomwepo. Ndiye ndimati tikanene kuti anadumpha tsiku limodzi lokha, ena aja tiwataye m'chimbudzi.

"Munanama ndi bolopeni," anatero mkazi wanga. "Tsopano mukufuna mukaname ndi pakamwa? Mukufuna alamu alembe mayeso, kapena mukufuna achire?"

"Zonse ziwiri!"

"Ndiye kanenani zimenezo kwa amene akudziwa mankhwala. Inu mumadziwa malole."

Lachiwiri tinapita atatu, chifukwa mesho uja anangotitsatira osapemphedwa. Mng'ono wanga sanandiyankhule njira yonse. Titalowa mu kaofesi kaja ndinatulutsa timapepala totsala nkutiika patebulo, nkunena kuti ka dzulo anamwa masana ine ndikuona, ka lero wamwa mnzakeyu akuona, koma awa anayiwa sanamwe. Nesiyo anatiwerenga ndi nsonga ya cholembera, nkunyamuka kupita kukaonana ndi dokotala. Tinatsala tikumva wotchi ya pakhoma.

Atabwerera anakhala pansi nkunena kuti, "Bedi m'wodi ilipo."

Ndinaona manja a mng'ono wanga akugwira mawondo. Apo ndinayankhula motsitsa mawu, mwina koyamba chibadwire.

"Anesi, wolakwa ndine. Munandiuza lamulo limodzi lokha, ndipo ndinaliphwanya. Mnyamatayu anachita zimene odwala amachita, ine ndi amene sindinachite zimene gadiyani amachita. Ngati pali wogona m'wodi, ndigonekeni ine."

"Inu m'wodi mungandisokosere odwala."

Anatembenukira kwa mng'ono wanga. "Paja munakana nesi wa kukoleji poopa kuti anthu adziwa. Pano amene sakudziwa ndani?"

Mng'ono wanga anangoyang'ana pansi. Anayankha ndi mesho.

"Mwina aphunzitsi amene ali kutchuthi, mayi. Akuluwa analengeza bwino ndithu."

Nesi uja anayesetsa kuti asaseke, koma mapewa anamupereka. Kenako anagamula. Mng'ono wanga azikameza pa kachipatala ka kukoleji seveni koloko m'mawa uliwonse, pamaso pa nesi wa kumeneko, Loweruka ndi Lamlungu azimuonerera mesho wake. Masiku odumphawo awonjezedwa kumapeto. Za kuwawa kwa mfundo anamupatsa mapiritsi ena, nkumukalipira kuti zoterezi munthu umanena, sumasiya mankhwala. Akangodumpha kamodzi, m'wodi. Atatha zonsezi anatambasula dzanja kwa ine.

"Khadi."

Ndinapereka. Analiika mu envelopu limodzi ndi kalata yopita kwa nesi mnzake, nkumupatsa mesho.

"Inu ugadiyani watha. Pitani ku malole anu."

M'moyo mwanga ndachotsedwapo ntchito kamodzi kokha, ndipo ndi pamenepa.

Koma m'mawa mwake ndinadzuka nthawi yomweija. Mkazi wanga anali atawiritsa kale dzira, osandifunsa. Ndinagwirizana ndi mnzanga wa kuntchito kuti azindiyambira malole oyambirira, ine ndizimutsalira madzulo. Ndinkafika pakoleji nkukhala pa kakhoma kafupi moyang'anana ndi kachipatala kaja, jumbo ili pamiyendo. Seveni koloko mng'ono wanga ankabwera, nkulowa, mzere wonse wa kukafu ukumuona. Ankayenda mutu uli m'mwamba, ndipo ine ndinkadziwa mtengo wake wa kuyenda koteroko. Potuluka ankadutsa pamene ndinakhala, nkutenga jumbo, osandiyang'ana, osanena kanthu. Moni ankandipatsa ndi mesho, wa anthu awiri.

Zinayenda choncho masabata atatu. Ndinkafuna kupepesa, koma mawu akuti pepa amandikanirira pakhosi ngati fupa la nsomba. Tsiku lina ndinayesa, chimene chinatuluka nchakuti, "Uvale juzi, kukuzizira." Mawa lake anabwera atavala juzi.

Linafika tsiku loyamba la mayeso. Kunali kamvula kowaza. Anatuluka m'kachipatala muja atanyamula rula ndi zolembera zomanga ndi mphira. M'malo motenga jumbo nkumapita, anaima patsogolo panga penipeni, anzake onse a pamzere wa kafu akuona. Ndinaganiza kuti lero ndiye andimasula, ndipo ndinali wokonzeka kumva. Iye anawerama pang'ono, nkutsegula kukamwa kwambiri, nkukweza lilime.

"Aaa. Mwaona, achimwene?"

"Ndaona."

Dzanja langa linapita lokha m'thumba la malaya kukafuna bolopeni, kenako ndinakumbuka kuti khadi ndilibe. Iye anaona zimenezo nkuseka, kuseka kwenikweni kosathera m'chifuwa. Anatenga jumbo nkusuzumiramo.

"Mchere mwaiwalanso?"

"Uli m'kapepala pansipo, iwe! Uziyamba waona usanayankhule!"

"Ee, gadiyani," anatero, nkuthamangira ku holo ya mayeso.

Ndinakhala pakakhoma paja mpaka mvula inandilowa m'khosi, ndipo kuntchito ndinachedwa. Mayeso anakhoza. Mankhwala anamaliza miyezi yonse imene anamulembera, osadumphanso, ndipo makhololo omaliza anapezeka oyera. Lero ndi bambo wa mimba yake, lamba uja sangamuzungulire ngakhale theka. Za m'chimbudzi zija sindinapepesebe bwinobwino. Chaka chatha dokotala anandiyambitsa mapiritsi a kuthamanga kwa magazi, akuti chifukwa cha mtima wapachalawu, ndipo mng'ono wanga akabwera kudzandiona amayamba watsegula botolo nkuwerenga otsala, asanakhale nkomwe pampando.